Televizau ya Nyumba Ziwiri

Tsiku limene mayi Saumu anaona nkhope ya mdzukulu wawo, sanadzukire zimenezo. Anadzukira kuchipatala ku Insaca, kumene anakauzidwa zimene ankazidziwa kale: maso onse awiri achita ng'ala, madokotala ochotsa ng'ala amachokera kutali ndipo amabwera mwa apo ndi apo, adikire. Iwo anangoti zikomo, n'kupapasa mkono wa mwana wawo Tabu.

Chapa, minibasi yobwerera ku Amaramba, inali isanadzaze, ndipo chapa yosadzaza sinyamuka ngakhale mutaiuza kuti kwanu kwagwa maliro. Tabu anawakokera amayi ake mu loja, sitolo ya Bernardo, ati akathawe dzuwa. Dzuwa linalipodi, koma mtsikanayo anali ndi zake.

Tabu sukulu anaisiyira panjira, koma mafoni anawadziwa kuposa ambiri amene anaimaliza. Kwawo anali ndi sola ndi batire lake. Ankatchaja mafoni a asodzi, kuikamo nyimbo, kusintha magalasi osweka ndi kudekha kumene sankakhala nako pa china chilichonse. Palibe anamuphunzitsa. Anayamba waononga foni yake, kenako anadziwa.

Mchimwene wake Rahimu anapita ku Joni kalekale. Kumeneko anakwatira, n'kubereka mwana wamkazi, n'kumutcha Saumu, dzina la agogo ake. Zithunzi ankatumiza, ndipo Lamlungu lililonse, tsiku lokhalo limene sankagwira ntchito, ankaimba foni ya vidiyo. Koma mayi Saumu akaibweretsa foniyo pafupi ndi mphuno ankangoti, "Ndikuona kuwala basi, ngati mamba a nsomba padzuwa. Mwanayo ali pati?"

Mu lojamo matelevizau anali ndandanda pakhoma. Tabu anadutsa akuluakulu aja osawayang'ana kawiri, n'kukaima pa yaing'ono ya kumapeto, ya dzina limene palibe analimvapo.

"Mano Bernardo, iyi ndi simati? Imagwirizana ndi foni?" anafunsa Tabu, akumuitana mwa Chipwitikizi m'malo moti achimwene.

"Simati yeniyeni, mana. Yasiyana ndi zinzakezo mtengo wokha."

"Ndibwerekeni komando."

Bernardo anampatsa kachipangizo koyatsira kaja mokayika. Tabu anadina apa ndi apo. Televizau inaganiza, inaganizanso, kenako khoma linakhala ngati latseguka: nkhope ya khanda la Rahimu, yochokera m'foni ya Tabu, yaikulu ngati lichero, masaya onyezimira, dovu pachibwano.

"Amayi, bwerani kuno. Yandikirani. Yandikiraninso."

Mayi Saumu anayandikira mpaka mpweya wawo unachita nkhungu pagalasi. Kenako anakweza chala n'kukhudza. Bernardo anatsegula pakamwa kuti aletse, n'kutsekanso.

"Makutuwa," anatero mayiwo. "Makutuwa ndi a malemu amayi anga. Tabu, ukuwaona? Anakawatenga bwanji makutu amenewa ku Joni?"

Tabu anayang'ana kumbali, chifukwa kulira pagulu sankakukonda. Anamukokera Bernardo pakona.

"Ndiuzeni zoona. Yotchipayi ndi yogula, kapena ndi kutaya ndalama m'nyanja?"

"Ine ndimanama Loweruka, anthu akadzaza. Lero ndi Lachiwiri, ndiye mvera. Mawu ake ali ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini. Ukaituma chinthu imayamba yaganiza ngati bwana amene wangodya kumene. Koma magetsi imadya pang'ono, batire lako la sola liikwana. Vuto ndi galasi. Ndi lopyapyala ngati chigoba cha dzira. Ukaikhomere pakhoma, uiiwale. Ikakhala malo amodzi, ikhala. Ikayamba maulendo, ine usadzandidziwe."

"Nanga garantiya?"

"Imathera pachitseko apo."

Ndalama za Tabu sizikanafika, ndiye nkhani inayenera kudutsa kwa bambo ake, Che Bwanausi, amene chaka chimenecho matemba anawayendera bwino.

Che Bwanausi ankagula nsomba padoko n'kukagulitsa m'misika panjinga. Anali ndi akazi awiri, ndipo poti onse anawakwatira chikamwini, aliyense pamudzi wa kwawo, iwo anasanduka munthu wa panjira. Sabata imodzi ankakhala ku Amaramba kwa mayi Saumu. Lachisanu akatuluka mumzikiti ankapalasa kupita ku Chiuta kwa Nafisa, mkazi wamng'ono, Lachisanu linalo n'kubwerera. Anthu ankawatama chifukwa chosakondera. Kapulana, nsalu za amayi zija, ankagula ziwiri za maluwa ofanana. Shuga ankayeza ndi kapu imodzimodziyo, n'kusalaza pamwamba ndi chala. Nkhani za nyumba ina sankazilowetsa m'nyumba ina. Tsiku lina mnzawo anawapatsa ambulera imodzi. Anaiyang'ana, anaitembenuza, anaona kuti sigawika, n'kukaisiya kumzikiti. Chaka chimenecho akazi onse awiri ananyowa mofanana.

Tabu anafotokoza zonse atagwada bwinobwino, mawu ali pansi. Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ziwiri sindingathe," anatero.

"Ndani wanena ziwiri, ababa?"

"Wanena ndi Mulungu. Mwamuna wokondera nyumba imodzi adzauka tsiku lachiweruzo thupi litapendekera mbali imodzi, anthu onse akuona. Ukufuna bambo ako adzauke ngati bwato lolowa madzi?"

Mawondo a Tabu anaiwala kuti anagwada. Anangopezeka ataimirira.

"A ku Chiuta maso awo ndi abwinobwino! Angaone nsabwe pamutu pa munthu ali kutsidya kwa nyanja. Amayi sakuona mdzukulu wawo, inu muli kuyeza shuga! Chilungamo chake n'chimenecho? Wodwala ndi wosadwala kuwamwetsa mankhwala ofanana?"

"Tabu," anatero mayi Saumu ali pamkeka, "amenewo ndi bambo ako, si msodzi wodzatchajitsa foni."

Che Bwanausi anadzuka n'kukapopa njinga imene sinali yophwa. Patapita masiku anatsika chapa ya ku Insaca atakumbatira katoni yaitali. Tabu anathamanga ngati kamwana. Koma bambo ake anaika dzanja pakatoniyo asanaitsegule.

"Imvani nonse. Chimene ndagula ine chimagona kumene ndagona ine. Sabata ino ili kuno. Lachisanu tipitira limodzi ku Chiuta."

Tabu anameza zimene anafuna kunena. Theka la televizau linali bwinoko kusiyana ndi ambulera ya kumzikiti.

Lamlungu loyambalo nyumba inadzaza mpaka ena ankasuzumira pakhomo. Tabu anamangirira foni pazenera la kumadzulo, pamene pokha redi, netiweki ya foni, imagwira, n'kuilumikiza ku televizau. Rahimu anatulukira pakhoma, wamkulu kuposa mmene analili pochoka.

"Iwe, ndevuzo ndi zotani? Ku Joni kulibe malezala?" anatero mayi Saumu, mphuno ili pafupi ndi galasi. "Wafanana ndi tonde wa amalume ako."

Anthu anaseka, anamaliza, anapukuta misozi. Ndiye kuseka kwa Rahimu kunafika, kochedwa, kwa m'chitini, anthu n'kuyambiranso. Kenako anabweretsa mwana. Mayiwo anaona timano ta m'munsi, anaona kachipsera ka katemera pamkono, anamudzudzula mpongozi wawo chifukwa cha chipewa chothina. Tsiku limenelo anadya bwino kuposa masiku onse.

Lachisanu Che Bwanausi anaichotsa televizau pamsomali, anaibwezera m'katoni, anaiimika pakaliyala, n'kutulutsa malegeni. Amene sanaonepo munthu wa njinga ya nsomba akumanga katundu sangamvetse. Kwa anthu amenewa katundu wogwedera ndi manyazi, ngati mwamuna kuyenda pamsika thalauza ili m'mawondo. Amaponda njinga ndi phazi, amakoka mphira mpaka mitsempha ya m'khosi itatuluka, amazunguliza, amakokanso. Akamaliza amalikoka legenilo pang'ono ndi chala n'kulisiya. Likalira ngati chingwe cha bangwe, katundu wamangika.

"Ababa, si dengu la milamba limenelo!"

"Ndinayamba kumanga katundu iwe usanabadwe. Unamvapo kuti Bwanausi wagwetsa kanthu panjira?"

"Sindikunena zogwa, ndikunena galasi. Mukulifinya!"

"Chogwa ndicho chimasweka."

Anakoka legeni ndi chala. Linalira.

Ndipo ankanena zoona, televizau sinagwepo. Inapita, inabwera, inapita, inabwera. Ulendo wina itabwera, Tabu anaona kadontho kakuda pakona ya kumtunda, pamene legeni limadutsa. Anapukuta ndi nsalu, koma kanali mkati. Ulendo wotsatira kanali ngati msundu wokhuta magazi. Wotsatirawo, ngati chikhatho cha mwana. Anawaonetsa bambo ake.

"Mbali inayo ikuoneka bwino," anatero iwo. "Zotchipa ndi choncho."

Nawo maso a mayi Saumu sankadikira munthu. Mpando wawo unkasendera kufupi ndi khoma Lamlungu lililonse la kwawo, mpaka panalibenso posendera. Tabu akakhala pansi pa mtengo ndi mafoni a anthu, mutu wake unkangozungulira pa mpikisano umenewu, wa banga la pagalasi ndi ng'ala ya m'maso. Masiku oona anali atatsala ochepa, ndipo theka lake linkakwera njinga kupita kwa munthu amene Rahimu si mwana wake.

Ndiye linafika Lamlungu la ku Chiuta, pakhoma pali msomali wokha. Rahimu anaimba akukuwa.

"Amayi! Wayenda! Saumu wayenda yekha, onani!"

Mayi Saumu anaibweretsa foni pamphuno, anaipendeketsa uku ndi uku, kenako anaiika pakhutu.

"Akuyenda bwanji? Ndiuze iweyo. Watambasula manja? Akuseka?"

"Onani nokha, amayi, uyu akubwera apayu!"

"Ndikuona, mwanangu," ananama mayiwo. "Ndikuona. Mashallah."

Tabu anatuluka panja n'kumenya theche chidebe chosalakwa. M'mawa mwake anabwereka njinga.

Njira yonse ankanola mawu. Kwa Nafisa anali asanapondeko, ndipo dzinalo sankalitchula n'komwe, ankangoti a ku Chiuta. M'mutu mwake nyumbayo anali ataijambula kale: anthu atadzaza, mafilimu a nkhondo akuphulika, mwini nyumba atakhala kutsogolo miyendo itatambalala, komando ili m'manja.

Anapeza mayi wowonda atakhala pansi pa mtengo wa mango, akusenda chinangwa cha makaka. Che Bwanausi anali kudoko.

"Ndiwe Tabu," anatero mayiyo asanapatsidwe moni. "Mphumiyo ndi ya bambo ako."

"Sindinabwere kudzacheza."

"Ndaona. Wobwera kudzacheza amadikira njinga iime kaye. Khala, umwe madzi. Uzitukwana kukhosi kutanyowa."

Tabu sanakhale. "Ndabwera kudzaona chimene mumaonera kuno, chofunika kuposa mdzukulu wa amayi anga."

Nafisa anamuyang'ana, anaika mpeni pansi, anapukuta manja. "Tiye ukaone."

M'nyumbamo munali zii. Televizau inali patebulo, yovindikiridwa ndi kapulana ya maluwa achikasu, yofanana ndendende ndi ya amayi ake. Nafisa anaivundukula. Galasi lakuda linawaonetsa awiriwo ataima, wina wamtali, wina wamfupi. Tabu anasuzumira kumbuyo. Chingwe chinali chokulungidwa, chomangidwa bwinobwino ndi luzi. Kudenga kunali kanyali ka sola kakang'ono ngati sopo. Batire munalibe.

"Simunaiyatsepo?"

"Ndi chiyani, ndi nkhuni? Koma ndi kalilole wabwino. Ndimamangirapo mpango. Ana amadzionera malilime."

"Ababa akudziwa?"

"Amaibweretsa, amaiika apa, amati gawo lako ndi ili. Ine n'kuti zikomo."

"Bwanji simunanene kuti simukuifuna?"

"Anandifunsa ndani? Iweyo unandifunsa?" Nafisa anaivindikiranso, akukonza makona a nsalu. "Ndipo usanene kuti sindikuifuna. Iwe sunakwatiwe, sudziwa. Lachisanu mudzi wonse uno umapeza ntchito pafupi ndi msewu. Azakhali anga amasesa pamene asesa kale. Maso onse amakhala pakaliyala. Chiyambire amanditcha wotola zotsala, ati ndinakwatiwa ndi theka la mwamuna. Tsiku limene katoni ija inalowa m'mudzi muno, anandipatsa moni anthu amene sanandipatsepo. Ikangosiya kubwera, mawa lake adzati Nafisa watha ntchito. Ndiye iwe wabwera kudzandilanda chifukwa amayi ako akufuna mafilimu tsiku lililonse?"

"Mafilimu?" anatero Tabu. "Amayi sakuona! Maso onse awiri ng'ala. Pafoni saona kanthu. Pagalasi ili pokha ndi pamene amamuona mwana wa achimwene, ndipo posachedwa ngakhale pamenepa sadzaona. Dzulo mwanayo wayenda, iwo anaika foni pakhutu."

Nafisa anakhala pansi pang'onopang'ono, pa kampando ka ana.

"Akulu sakuona?"

"Simumadziwa?"

"Bambo ako amandiuza mtengo wa matemba ndi kumene kwagwa mvula. Za kwanu sanatchulepo ngakhale nkhuku." Anayang'ana manja ake oyera ndi chinangwa. "Ine kumangira mpango pamenepa, iwo kumvera mdzukulu ndi khutu. Astaghfirullah."

Mawu onse amene Tabu ananola panjira anali akadali m'kamwa, koma womubaya nawo panalibe. Anakhala pansi nayenso, n'kumwa madzi aja. Kenako, posowa chochita ndi manja, anatenga mpeni wina n'kuyamba kusenda chinangwa. Anasenda moipa, Nafisa n'kumuuza.

Che Bwanausi anafika masana, dengu likudontha. Ataona mwana wa nyumba ina pakhomo la nyumba ina, anaima ngati aona ng'ona pakhonde la mzikiti.

Nafisa anadikira kuti asambe m'manja, akhale. Kenako anagwada chapatali.

"Che Bwanausi, sabata imene televizau imakhala kuno, imakhala ya ndani?"

"Yako."

"Yangayanga? Osati yobwereka?"

"Yakoyako."

"Ndiye ndapereka kwa akulu. Changa sindingapereke?"

Bambowo anayang'ana Tabu. "Wakukakamiza mwanayu?"

"Ameneyu? Akanayesa. Ndinali ndi mpeni."

Anasisita ndevu nthawi yaitali. "Ashehe amati mkazi akhoza kupereka ngakhale masiku ake kwa mnzake, akafuna yekha."

"Masiku sindinapereke, musayerekeze n'komwe. Televizau yokha. Ndipo katoni izibwera. Lachisanu lililonse la kuno, pakaliyala, yomanga bwino."

"Yopanda kanthu? Limenelo ndi bodza."

"Inu mudzanena chiyani? Mudzanyamula katoni. Anthu adzaona katoni. Akaganiza zawo, mutu ndi wawo."

Tabu anali atalonjeza mumtima kuti sayankhula. Lonjezolo linafa pomwepo.

"Ababa, munagawa bwino, palibe akutsutsa. Kuno galasi losayaka, kwathu msomali wopanda kanthu. Onse sakuona. Mwalinganizadi, ngati ambulera ija."

"Iwe, bwerera dzuwa lisanapendeke," anatero bambo ake. Sanati inde, sanati ayi.

Lachisanu dzuwa linalowa Che Bwanausi osafika. Zimenezi zinali zisanachitikepo. Mayi Saumu anavindikira chakudya chawo. Tabu anayenda mpaka pamphambano n'kubwerera, akudzifunsa ngati bambo ake, atapsa mtima, sanakaisiye televizau kumzikiti.

Anatulukira Loweruka dzuwa litakwera, wapansi, akukankha njinga. Dzanja limodzi linali pahandulo, lina linagwira katoni, imene inkagwedera akaponda paliponse. Malegeni anali m'thumba. Katoniyo inali yomangidwa ndi kapulana ya maluwa achikasu, mfundo yake yoberekera mwana. Asodzi amene ankadikira mafoni awo pansi pa mtengo sakanalola mwayi woterewu kudutsa.

"Che Bwanausi, mikono yatha? Katundu akuvina chotero?"

"Bwerani tikuphunzitseni kumanga, akulu, sitilipiritsa!"

Iwo anadutsa osatembenuka, mapazi ali mbuu. Atafika pakhonde anaitsitsa katoni ngati mazira, n'kutembenukira kwa mayi Saumu, powatchula dzina lawo laulemu.

"Abiti Khalidi, usiku wapitawu unali wanu. Ndagona pamzikiti wa panjira. Ndidzachotsa umodzi ku Chiuta kuti zilingane."

"Khalani pansi, bambo a Rahimu, musanagwe. Usikuwo ndaupereka kwa udzudzu wa kumzikitiko."

Sanakhale. "Tabu, nyundo. Ndi misomali, osati umodzi."

Anakhoma thabwa m'munsi, lina pamwamba, n'kuilowetsa televizau pakati. Atamaliza anaigwedeza pang'ono kuti aone ngati yagwira, ndipo Tabu anaona chala chawo chikufunafuna legeni loti alize.

Lamlungu banga linali litadya kona yonse ya kumanja, lakuda ngati thope la m'dambo, koma paulendo womalizawu silinakule.

"Achimwene, muikeni cha kumanzere. Ayi, kumanzere kwangaku. Tsitsani foni. Pamenepo."

Kamwana kanaima katagwira mwendo wa mpando. Kanasiya. Kanatambasula manja, kanaponda, kanapendekera, kanapondanso, kakukula pagalasi pamene kankayandikira. Mutu unalowa m'banga muja n'kutulukanso. Mayi Saumu anali atagwira khoma ndi manja onse awiri, mphumi itatsala pang'ono kugunda galasi.

"Akuponya mwendo wamanzere kunja," anatero. "Bambo a Rahimu, bwerani mudzaone mayendedwe anu. Ndi inuyo ndendende mukatsika njinga."

Che Bwanausi anayandikira, anayang'anitsitsa, n'kunena kuti iwo sayenda choncho. Nyumba inaseka. Kuseka kwa ku Joni kunafika pambuyo, monga mwa nthawi zonse.

Lachisanu lotsatira Tabu anavindikira televizau ndi nsalu, anakoka chitseko, n'kutenga katoni. Inali yopepuka moti inamusautsa. Iye amene anakuwa kwambiri za chilungamo anali atapeza zonse, pamene kwa mayi uja kunkapita mphepo yokhayokha. Anaganiza za ana odzionera malilime pagalasi lakuda, amene tsopano ngakhale limenelo analibe.

"Bweretsa kuno," anatero mayi Saumu. Za ku Chiuta anali atazimva zonse, n'kufunsanso kuti azimve kachiwiri. Anapapasa pansi pa bedi n'kutulutsa kalilole wawo wakale, wa chimango cha mlombwa. "Ine ndikayang'anamo ndimaona utsi. Muike pakati pa thumba la mpunga, mpunga mbali zonse. Bambo ako ndi malegeni awo sindiwakhulupirira."

Che Bwanausi anaima pakhomo. "Abiti Khalidi, mukudziwa kuti za nyumba ina sindilowetsa m'nyumba ina."

"Munagula ndinu kaliloleyu? Ndi wanga. Changa sindingapereke?"

Bambowo anapukusa mutu, ngati munthu amene wazindikira kuti akazi ake ayamba kuyankhula mofanana asanakumane n'komwe. Ananyamula katoni, anaiimika pakaliyala, anaponda njinga ndi phazi. Anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Legeni linalira bwino kwambiri, ndipo nkhope yawo inamasuka.

"Mukawapatse moni amayi ang'ono," anatero Tabu mwachangu, akuyang'ana tayala.

Bambo ake anamuyang'ana, n'kukwera.

Pansi pa mtengo panali Ibrahimo, msodzi wina amene ankadikira foni yake idzaze. Anaiperekeza njinga ndi maso mpaka inakhota.

"Yapitanso, eti? Komatu ndi yolimba," anatero. "Mana Tabu, zinthu izi umazidziwa ndiwe. Kunyumba akundisowetsa mtendere. Yotchipayi ndi yogula?"

Tabu anayang'ana chitseko chotseka chija. Sankadziwa ngati televizauyo ifika chaka. Sankadziwa ngati maso a amayi ake afika nthawi ya mvula, kapena ngati madokotala aja adzabwera zinthu zisanathe. Chimene ankadziwa n'chakuti amayi ake, ngakhale kutada mawa, akudziwa mwendo umene mdzukulu wawo amaponya kunja.

"Muli ndi akazi angati?"

"Mmodzi, nanga."

"Gulani," anatero Tabu. "Mugulenso misomali."